Nsichi Zimene Zinaphuka pa Chonde

1968: Ku nazale

Ana anga, mumandiseka kuti ndikamayenda pamsewu ndimayang'ana mitengo m'malo moyang'ana anthu, ndiponso kuti kachere wa pa Chonde uja ndimamupatsa moni ngati mlamu wanga. Sindikukana. Poti tsopano mawondo ayamba kundivuta ndipo nthawi ndili nayo yosowa nayo chochita, ndati ndilembe ndekha mmene chibale chimenechi chinayambira. Ndikapanda kutero mudzamva kwa anthu a pamsika, ndipo iwo aja nkhani amaithira mchere mpaka mwini wake osaizindikira.

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa esiteti ina m'munsi mwa phiri, pomwe bambo anga ankathyola tiyi chibwerereni kuchokera ku Mozambique. Ine sanandipatse dengu. Anandiika ku nazale, kumene tinkafesa bulugama wa nkhuni za ku fakitale. Kapitawo wathu anandiphunzitsa kusefa dothi, kusakaniza mchenga ndi manyowa, ndi kuthirira mbande ndi kheni popanda kuzigwetsa. Ndinakhala kumeneko zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo n'kumeneko ndinakwatira mayi anu, a Elube. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mbali imeneyo ya phiri munthu sungadzitame kuti umadziwa kubzala mitengo. Dzinja likatha kumabwera nkhungu ndi kamvula ka chiperoni, chiperoni chikatha mitambo imakhalabe ikuzungulira phiri. Mvula ndiyo inkagwira ntchito, ife tinkangovala maovolosi n'kumalandira mayamiko. Ndinachoka kumeneko mutu utakula, ndikudziyesa katswiri wa mitengo.

1974: Andituma pa Chonde

Ndinamva kuti ofesi ina ku boma ikufuna munthu wobzala mitengo m'misika ndi m'mbali mwa misewu, ndipo ndinalembedwa. Bwana wanga anali a Kamphinda, munthu wa kumapiri a ku Dedza, wamtali, wovala tayi ngakhale mu Okutobala. Sanali munthu woipa ayi. Vuto lawo linali loti ankaopa pepala kuposa njoka. Kalata ikabwera kuchokera kumwamba, ankaiwerenga ataimirira. Iwo ndiwo anandituma pa Chonde, pamsewu wa ku Blantyre, n'kundipatsa anthu asanu, makasu, wilibala imodzi ndi lamulo limodzi: mitengo iime mbali zonse ziwiri za msewu, kuyambira pamsika kukafika pa sitolo yomaliza, kuti malowo aoneke ngati tauni.

Tsiku limene ndinatsika basi ndinaseka ndekha. Phiri ndinkaliona lomwelija, koma mvula yake inkathera kuseri. Pa Chonde panali fumbi ndi dzuwa loswa mtengo. Amayi ankagulitsa makaka a chinangwa chouma, nandolo ndi kalongonda atadzifunditsa masaka kumutu, ana akulira kumsana chifukwa cha kutentha. Ndinati mumtima, dikirani zaka ziwiri zokha, mundidziwa. Tinakumba maenje makumi asanu ndi limodzi, olunjika bwino ndi chingwe, ndipo mu Janyuwale tinabzala bulugama. Mpaka Juni anali wobiriwira, ine ndikuyenda pamsewu manja kumbuyo ngati mwini tauni. Mu Ogasiti chiswe chinayamba ntchito yake. Chiswe cha kumalo ouma sichichita phokoso. Mtengo umauona lero uli bwinobwino, mawa wafota, ukaugwira umazuka ngati ndodo, mizu yonse itasendedwa. Mankhwala a chiswe anabwera kamodzi, theka la chitini, ndipo nthawi zonse ndikafunsa ena ankandiyankha kuti ali m'njira. Pofika Okutobala sipanatsale mtengo ndi umodzi womwe.

Chaka chachiwiri a Kamphinda anati tiyese jakaranda ndi mkungudza, mitengo imene ankaiona kwawo. Mkungudza unapsa ndi dzuwa usanafike m'chiuno. Jakaranda anadyedwa ndi mbuzi, ndipo amene mbuzi zinamusiya chiswe chinamaliza. Madzi tinkatunga kumtsinje ndi mgolo umodzi pa wilibala, ndipo tikamafika pa dzenje lomaliza loyamba lija linali litauma kale. Pamsika panali mayi mmodzi wogulitsa makaka, mayi Namakhwa, wamfupi, wa pakamwa posapsatira. Tsiku lina ndikufukulanso maenje omwe aja anandiitana anzake onse akumva.

"A Muheya, chaka chino ndiye mukutikumbira manda a ndani?"

"Ndi a mitengo, mayi."

"Eya, ndikudziwa kuti ndi a mitengo. Ndimati mwina mwasintha maliro."

Msika wonse unafa nalo phwete. Ndinasekanso nawo, koma mawuwo anandilasa. Ndinali nditabwera kudzawapatsa mthunzi, ndipo chimene ndinawapatsa ndi maenje ogweramo ana.

1976: Thandala la mayi anu

Tinkakhala m'kanyumba ka lendi kuseri kwa masitolo. Mmawa wina mu Disembala ndikukonzeka kupita kuntchito, mayi anu anandiimitsa pakhomo.

"Bambo a Joyi, inu amene mumadziwa mitengo, tabwerani mudzandithandize. Thandala langali likundivuta."

Ndinapita ndikuyesa kuti lathyoka. Thandala loyanikapo mbale linali chilili, koma miyendo yake inayi inali itaphuka masamba, moti mbale zinkabisika. Miyendoyo anadula okha mayi anu kutchire miyezi iwiri m'mbuyomo, nthambi za mtumbu, n'kuzizika pansi. Madzi otsukira mbale ankathira pomwepo tsiku ndi tsiku. Timitengo touma topingasa pamwamba chiswe chinali chitayamba kale kutimata dothi, koma miyendo yamoyo ija sichinaikhudze.

"Ndiye mundiuze," anatero mayi anu akupukuta manja pa chitenje, "ine sindinapite ku nazale, ndilibe kheni, ndilibe chingwe. Mitengo yanga inayi yaphuka yonse. Yanu makumi asanu ndi limodzi ili kuti?"

Ndinakhala pa mtondo wosinjira. Zimenezi sizinali zachilendo kwa ine. Bambo anga ankamanga mpanda wa bafa ndi nsichi za mtumbu ndi kachere, ndipo mvula ikagwa mpanda wonse unkaphuka. Aliyense wa kwathu amadziwa zimenezi. Koma ine chiyambireni kuvala ovolosi ndinkaona ngati mtengo weniweni ndi wochokera mu chubu basi, ndipo za kumudzi ndinazitaya. Ndinachita manyazi, koma manyazi ake okoma, chifukwa ndinaona kuti njira ilipo.

Sabata yomweyo ndinakwera njinga kupita ku boma kukafotokozera a Kamphinda. Ndinawauza kuti nsichi yaikulu ngati mkono imakhala ndi madzi ake m'kati, imapirira chilimwe, mbuzi siifikira masamba, ndipo chiswe sichiigonjetsa msanga ngati mbande yanthete. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anagwedeza mutu.

"A Muheya, mitengo ya m'tchire si ya m'tauni. Ndikalemba chiyani mu lipoti? Kuti tabzala mpanda wa bafa pamsewu wa boma?"

Ndinabwerako opanda chilolezo, koma sindinagonje. Ndinadula nsichi zitatu, ziwiri za mtumbu ndi imodzi ya kachere, n'kuzizika kuseri kwa msika kumene bwana sankafikako. Ndinapempha mayi Namakhwa kuti madzi otsukira mabeseni azithira pamenepo. Anati, "Ndithira, koma maliro akachitika musandiitane." Nsichi zonse zitatu zinaphuka, zinadutsa chilimwe chonse, ndipo pofika chaka chotsatira amayi anali atayamba kukanganirana kamthunzi kake.

1977: Okutobala

Lolemba lina a Kamphinda anatulukira pa Chonde okha, zimene sizinkachitika. Anandiitanira kuseri kwa galimoto, thukuta lili kamukamu. Loweruka kunali kubwera anduna kudzatsegula shedi yatsopano ya msika, ndipo m'kalata munalembedwa kuti adzayenderanso mitengo ya pamsewu. Ndinafunsa kuti mitengo yake iti. Anayang'ana pansi n'kundiuza zoona: zaka zitatu zonsezi malipoti awo ankanena kuti mitengo ikukula bwino.

"Mvetserani. Lachisanu ndikupatsani lole tsiku lonse. Mupite ku esiteti mukadule nthambi za bulugama zamasamba ambiri, muzizike m'maenjemo, mupake njereza m'munsi. Thanki yamadzi yothirira fumbi ikhala pano masiku atatu. Masamba akapirira mpaka Loweruka masana, tapulumuka."

"Nanga Lamulungu?"

"Lamulungu muzule. Ndipo ndikuuziranitu, mwambowu ukatha ntchito ya mitengo pano ikutsekedwa. Tatopa nayo."

Inu ana a masiku ano mwina mungadabwe, koma zimenezi sizinali zachilendo. Mlendo wamkulu akamabwera, misewu inkamera nthochi ndi nthambi tsiku limodzi, mawa lake n'kufota. Palibe ankazitcha bodza, tinkati kukongoletsa. Komanso muyenera kudziwa kuti masiku amenewo kuchititsa manyazi mlendo wa boma sinali nkhani yongochotsedwa ntchito. Munthu ankatengedwa, abale ake osauzidwa kumene wapita. Mayi anu anali ndi pakati pa iwe Limbani. Koma ine mutu unangoima pa zinthu zitatu: lole ya tsiku lonse, thanki yamadzi, ndi maenje okumbakumba kale. Zaka zitatu ndinali ndisanazipezepo pamodzi, ndipo sizikanabweranso. Nyengo yake inalinso yomweyo, mitengo itayoyola masamba, mvula ili pafupi. Koma lole inali ndi mafuta a ulendo umodzi wokha, ikanatenga bulugama kapena nsichi, osati zonse ziwiri.

Ndinawafotokozera mayi anu tikusenda chinangwa pakhonde. Anaika mpeni pansi.

"Akakutengani, ine ndi ana tibwerera kwa amayi ku Milonde, sitifa ndi njala," anatero. "Koma mukazika masamba abodza aja, ndikudziwani ine. Mudzakhala mukudandaula pakhonde pano mpaka imvi, ndipo ine ndiye ndidzavutike kukumverani."

Lachisanu mmawa ndinauza dalaivala kuti akhotere kumidzi ya kuchigwa m'malo mwa ku esiteti. Anandiyang'ana n'kunena kuti iye amangoyendetsa, sanamve kanthu. Tinapempha nthambi khomo ndi khomo, ndipo anthu ankatipatsa akuseka kuti boma layamba kumanga mabafa. Tinadula nsichi zowongoka, zotalika kuposa munthu, mtumbu wambiri ndi kachere pang'ono. Kudula kwake kuli ndi lamulo limene muyenera kulisunga, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kumunsi timadula mosalaza. Kumwamba timadula mopendeketsa, kuti kukhale kosongoka, madzi a mvula azitsetsereka osaoletsa mtengo. Nsichi ikazikidwa chadodolido, kumutu kuli pansi, siphuka. Tinanyowetsa maenje ndi madzi a mu thanki, tinathira phulusa limene amayi anasonkhanitsa m'makhitchini mwawo, tinazika, tinatsendera, n'kupaka njereza. Tinasiya dzenje limodzi patsogolo pa shedi, loti anduna adzabzalepo mbande ya bulugama.

A Kamphinda anafika dzuwa litapendeka. Anatsika galimoto n'kuona mizere iwiri ya mitengo yoyera yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Sanakalipe. Anangokhala pansi pa mwala, tayi ili lendee.

"A Muheya, mwandipha. Ndili ndi ana asanu ndi awiri."

Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinachita mantha enieni, chifukwa ndinali nditaika pamoto munthu wina osamufunsa. Ndinati, "Bwana, akafunsa mudzanene kuti ndachita ndekha. N'zoonanso." Tcheyamani wa chipani wa pamalopo anabwera, anayenda mzere wonse, n'kundiuza kuti mawa ndisachoke pamene maso ake akundiona.

Loweruka kunatentha koopsa. Amayi anavina atavala nsalu za chipani, ana a sukulu anaimba, ndipo anduna anatsika galimoto cha m'ma leveni koloko. Anali munthu wonenepa, wa mawu otsika. Anayang'ana msewu uku ndi uku akudzipukuta ndi mpango, kenako anafunsa kuti mitengo imene anawerenga ija ili kuti, ndipo mizati iyi ndi ya chiyani. Tcheyamani anandikankha kumsana. Ndinavula chipewa.

"Bwana, mitengo tinabzala zaka zitatu, chiswe ndi dzuwa zinatha yonse. Iyi ndi mitengonso, koma ili m'tulo. Mukalola, ndikuonetseni akulu ake kuseri kuno."

Anduna ananditsatira, gulu lonse pambuyo. Kuseri kwa msika tinapeza mayi Namakhwa atakhala pansi pa mitengo yanga itatu ija, imene inali ndi masamba chifukwa chothiriridwa, atatambasula miyendo, chifukwa anali atatopa ndi kuvina. Anadzambatuka, koma anduna anawauza kuti akhale. Analowa pamthunzipo iwonso, n'kupuma mozama. Anagwira khungwa la mtumbu, analisisita.

"Bambo anga khola la ng'ombe ankamanga ndi umenewu," anatero. Anatembenukira kwa mayi Namakhwa. "Mayi, mitengoyi yakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Chaka chatha inali ndodo, bwana, ngati zili pamsewuzo. Ine ndiye ndimaimwetsa. Bamboyu amangodutsa n'kumaiyamikira."

Anduna anaseka mpaka mimba kugwedera, ndipo anthu ataona kuti kuseka n'kololedwa anasekanso. Titabwerera pa dzenje la mwambo anakana mbande ya bulugama, nati apatsidwe nsichi. Koma asanaigwire anandiloza ndi chala, nkhope itasintha.

"Msewu uno ndidzadutsanso mu Disembala. Wangawu ukapanda kuphuka pofika Khirisimasi, ndiye kuti mwandinamiza pagulu, inu ndi bwana wanu. Mudzandifotokozera bwino."

Ndinabweretsa nsichi yabwino kuposa zonse, ya kachere. Anduna anailandira, anaiyang'ana mbali zonse ziwiri, anaona kosongoka, ndipo anachita zimene munthu aliyense wokhoma chikhomo amachita. Anazika kosongokako pansi. Anakwirira, anaponda ndi nsapato, anathira madzi, nthungululu zili wee. Ndinatsegula pakamwa, koma tcheyamani anandiponda phazi. Kuuza nduna pagulu kuti yalakwitsa, utangopulumuka kumene, kunali kudziponya m'chitsime. Kuzula mtengo wobzala nduna kunali koipirapo. Koma kuusiya choncho, Khirisimasi ikanatipeza ndi ndodo youma.

Alendo atalowa mu shedi kukadula riboni ndi kumva zolankhula, ndinapeza mayi anu pagulu n'kuwanong'oneza. Iwo ananong'oneza mayi Namakhwa. Mayi aja anayang'ana nsichiyo, anayang'ana anyamata a chipani amene anaima chapafupi, n'kumanga chitenje mwamphamvu.

"Amayi inu, mtengo wa anduna tiusiya opanda nyimbo? Tiyeni tiuvinire."

Anayambitsa nyimbo, ndipo amayi anazungulira nsichiyo mizere itatu, mapewa atagundana, zitenje zitatambasuka, fumbi lili koboo. Anyamata a chipani ankawomba m'manja kunja kwa bwalo, akukondwa ndi ulemu woterewu. Ine ndinakwawira m'kati ndi kachitini ka njereza kamene mayi anu anabisa m'dengu. Ndikufukula ndi manja ndinaona nsapato zopolisha pafupi ndi ine. Anali a Kamphinda, atagwada pafumbi ndi suti yawo.

"Ndaona kuti yasiyana ndi zinzake," ananong'ona. "Fulumirani, ine ndigwira kuno."

Amayi anakweza manja ndi mipango m'mwamba, ife tinaigoneka nsichi, tinaitembenuza, tinaiimika, tinatsendera. Ndinapukuta matope kumutu kwake ndi malaya anga n'kupaka njereza. Nyimbo isanathe tinali titatuluka, wina uku wina uko. Pambuyo pake tcheyamani anabwera, anaiyang'ana nsichiyo nthawi yaitali, anayang'ana mawondo a a Kamphinda, n'kunena kuti mtengo wa anduna waima bwino kwambiri. Sananenenso china, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

1977: Novembala ndi Disembala

Mvula inachedwa chaka chimenecho. Thanki inabwerera ku boma, koma amayi a pamsika anagawana nsichi, aliyense yake, ndipo madzi otsukira tomato, mbale ndi mabeseni ankathera pamenepo. Amene nsichi yake inkaoneka youma ankanyozedwa kuti ndi waulesi ngakhale kunyumba kwake. Tinatchinga ndi minga ya mthethe kuti mbuzi zisasende makungwa. Mmawa uliwonse ndinkayenda mzere wonse ndi kamtengo, kukokota dothi limene chiswe chamata, n'kuwaza phulusa. Ndinkakangana ndi anthu omangirira njinga ndi mbuzi pa nsichi, chifukwa ikagwedezeka timizu tatsopano timaduka. A Kamphinda anayamba kubwera Lachitatu lililonse, ati kudzaona msika, koma ankathera pa kachere uja, akumuyang'anitsitsa ngati wodwala.

Mvula itagwa kumapeto kwa Novembala, mitumbu inayamba kutulutsa timasamba tofiirira, umodzi lero, itatu mawa. Isanu ndi inayi inafa, ina chifukwa cha mbozi zoboola m'kati, ina sindikudziwa. Yotsalayo inaphuka. Koma kachere wa anduna anangoti duu. Sabata yoyamba ya Disembala inatha, yachiwiri inatha. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tinamuvulaza potembenuza, ndipo chakudya chinasiya kulowa. Mayi anu anali atalongedza kale katundu wina m'thumba, osandiuza.

Patatsala masiku asanu kuti ifike Khirisimasi, ndikukokota chiswe kumapeto kwa mzere, ndinamva mayi Namakhwa akundiitana.

"A Muheya, siyani zimenezo. Bwerani mudzaone mlamu wanu, wadzuka."

Ndinathamanga ngati mwana. Pansi pa podulidwa mopendeketsa paja panali timphukira titatu tobiriwira, tating'ono ngati njere za mpunga. Ndinagwira nsichiyo ndi manja onse awiri, ndipo misozi inatsika amayi onse akuona. Sindinachite nazo manyazi. Chimwemwe chonga chimenecho ndinachimvanso patapita milungu itatu, tsiku limene unabadwa iwe Limbani. Anduna anadutsadi. Galimoto yawo inachepetsa liwiro patsogolo pa shedi, dzanja linatuluka pawindo n'kukupiza, n'kupitirira. Ntchito ya mitengo sinatsekedwe, ndipo mu lipoti la chaka chimenecho a Kamphinda analemba zoona zokhazokha, ati ndi njira yatsopano imene ofesi yatulukira. Mayi anu atamva anati akudikira kalata yowathokoza chifukwa cha thandala lawo, ndipo akudikirabe.

1993: Kupuma

Ndinagwira ntchito zaka zina khumi ndi zisanu ndi chimodzi, m'misika ina ya m'boma lathu lino. Kumalo a mvula ndinkabzala mbande, kumalo ouma ndinkazika nsichi, ndipo ndinasiya kunyoza mtengo chifukwa cha kumene wachokera. Ndinaona nsabwe za m'mitengo zikuumitsa mikungudza imene mabwana ankainyadira, pamene mitumbu yanga inkangoyoyola masamba m'chilimwe n'kuvalanso mvula ikagwa. Ina mwa mitengo ija inadulidwa pomanga masitolo, ndipo zinandipweteka, koma kachere alipo. Pansi pake pamakhala ogulitsa, okonza njinga ndi odikira basi, ndipo ambiri a iwo amayesa kuti anamera yekha. A Kamphinda atapuma ntchito anabwera kudzanditsanzika asanabwerere kwawo. Tinakhala pansi pa kachereyo tikudya chinangwa chootcha, iwo atavula tayi. Anandiuza kuti pa ntchito yonse imene anagwira m'boma, imene amainyadira ndi ya mphindi ziwiri zimene anagwada pafumbi.

Tsopano pempho langa ndi ili, ndipo ndalilemba kuti pasadzakhale wokana kuti sanamve. Tsiku langa likadzafika musadzavutike ndi maluwa ogula, amafota Lamulungu. Mudzadikire Okutobala, mupite pa Chonde, mukapemphe nthambi imodzi kwa mlamu wanga, yaikulu ngati mkono, mudzaizike kumutu kwanga. Mudzathire phulusa m'dzenjemo, ndipo mayi anu akadzakhala alipo adzakuuzani za madzi. Koma iwe Limbani, poti ndimakudziwa kuti umachita zinthu mothamanga, uyang'anitsitse usanakwirire. Kosongoka kukhale kumwamba. Amayi amene akanakuvinira kuti ukonze anapita kale, ndipo ine sindidzatha kudzuka kuti ndikuthandize kutembenuza.